Sipika Yopanda Bokosi Ndi Ng'oma Yopanda Mtengo: Khomani Bokosi la Gitala Pakhomo

Anzanga, tikamaonera gulu loimba kutchalitchi kapena paukwati, maso athu amathera pa woimba gitala. Bokosi lakuda lili kumbuyo kwakelo sitiliwerengera n'komwe, ena mpaka amalisandutsa mpando. Komatu kukoma kwa mawu amene mumamvawo, mbali yaikulu kumachokera m'bokosimo. Sipika yabwino ikaikidwa m'bokosi lachabechabe imalira ngati chitini, ndipo mawaya akalumikizidwa molakwika, ndalama zonse zimene a kwaya, a SCOM kapena a YCS anasonkha zimapsa tsiku limodzi. Nkhani ino ikufotokoza mmene mungakhomere bokosi loterolo pakhomo. Ndikamati sipika sindikunena wa ku Nyumba ya Malamulo uja ayi, ameneyo sakhala m'bokosi.

Zinthu ndi zitatu, musazisokoneze

Gitala yamagetsi payokha ilibe mphamvu. Pansi pa nsambo zake pali timaginito tokulungidwa ndi waya wopyapyala, ndipo nsambo ikanjenjemera timatulutsa kamphamvu kamagetsi kochepetsetsa. Kamphamvu kameneka sikangasunthe sipika. Kamayamba kalowa mu ampulifaya, imene ambiri timangoti ampu, ndiye ampuyo imakakulitsa n'kutumiza ku sipika. Choncho pali gitala, pali ampu, pali bokosi la sipika. Ife tikukhoma chachitatuchi basi. Wina akakuuzani kuti mungolumikiza gitala ku sipika n'kuyamba kuimba, akukunamizani ameneyo.

Kodi bokosi n'lachiyani?

Sipika ili ndi maginito kumbuyo, kakoyilo ka waya pakati, ndi pepala lolimba looneka ngati chipewa chachitchaina. Magetsi a mu ampu akamadutsa mu kakoyiloko, pepala lija limapita kutsogolo, kubwerera, kupitanso, mofulumira kwambiri. Likamapita kutsogolo limakankha mpweya wakutsogolo, koma nthawi yomweyo limakoka mpweya wakumbuyo. Ndiye taganizani: kutsogolo mpweya wapanikizika, kumbuyo kwatsala malo. Ngati palibe chotchinga, mpweya wopanikizika uja umangozungulira m'mbali mwa sipika n'kukadzaza kumbuyo kuja. Kukankha ndi kukoka kwathetsana, khutu lanu silinalandire kanthu.

Amene amavutika kwambiri ndi mawu a besi. Nsambo yonenepa kwambiri pa gitala imanjenjemera ka 82 pa sekondi imodzi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Gawani 340 ndi 82, mupeza kuti funde limodzi la mawu amenewa ndi lotalika mamita 4 ndi kachidutswa. Funde lotalika chonchi kuzungulira kasipika ka masentimita 30 si nkhani kwa ilo. Mawu ang'onoang'ono okwera aja mafunde ake ndi aafupi, ena masentimita 10 okha, ndiye amangopita kutsogolo osazungulira. N'chifukwa chake sipika yopanda bokosi imangoti tswii tswii, besi kulibe.

Mukhoza kuyesa nokha. Tengani kasipika ka wailesi yakale kakulira, mumvetsere. Kenako boolani katoni bowo lolingana nako, mukakanikize pabowopo. Mumva mawu akunenepa pompo. Ntchito yoyamba ya bokosi ndi imeneyi: kulekanitsa mpweya wakutsogolo ndi wakumbuyo.

Apa pali kusiyana ndi zoimbira zomwe timazidziwa kwathu kuno. Banjo yachigubu, kapena babatoni ngati imene mumaiona ndi a Madalitso Band kapena Gasper Nali, thupi lake limafunika linjenjemere, chifukwa ndi limene limakuza mawu a nsambo. Bokosi la sipika si choncho. Lonjenjemera ndi pepala la sipika, bokosi lizikhala nji. Likamagwedera limaba mphamvu, komanso limawonjezera phokoso lakelake la gwede gwede.

Lotseka kumbuyo kapena lotsekula?

Mabokosi a gitala alipo amitundu iwiri yodziwika. Loyamba ndi lotsekula kumbuyo, lomwe limakhala ndi thabwa pamwamba ndi lina pansi, pakati n'kusiya mpata. Leo Fender wa ku California ku America ankapanga ambiri a mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1950, ndipo matabwa ake anali a paini. Mawu ake amamwazika chipinda chonse, woimba ng'oma amene wakhala kumbuyo amamvanso. Besi imachepako, chifukwa mpweya wina umazungulirabe, koma ulendo wake wozungulira ndi wautali kusiyana ndi sipika yopanda kanthu.

Lachiwiri ndi lotseka kumbuyo konse. Mpweya wotsekeredwa m'katimo umakhala ngati sipuling'i, umagwira pepala la sipika kuti lisapite patali. Mawu ake ndi olimba, amamenya kutsogolo. Jim Marshall, amene anali ndi sitolo ya zoimbira ku Hanwell mumzinda wa London, anayamba kupanga maampu mu 1962, ndipo anatchuka ndi bokosi lotseka la masipika anayi a mainchi 12. Anaika anayi kuti azigawana mphamvu, poti masipika a nthawiyo sankachedwa kupsa. Mu 1965 Pete Townshend wa gulu la The Who anafuna phokoso loposa pamenepo, anamupangira bokosi la masipika 8, koma linalemera koopsa moti onyamula anadandaula. Analigawa pawiri n'kusanjikiza, ndiye chiyambi cha mabokosi osanjikizana amene mumawaona m'mavidiyo aja.

Nanga ife tisankhe liti? Ngati mumaimba m'kalasi kapena m'tchalitchi chaching'ono, lotsekula ndi labwino, n'lopepukanso pa njinga. Ngati mumaimba panja, pamene palibe khoma lobweza mawu, lotseka limathandiza. Nzeru ina ndi iyi: thabwa lakumbuyo muligawe patatu n'kumanga ndi masikuruu. Mukafuna lotsekula, mungochotsa lapakati.

Sipika yake iti?

Masipika a gitala amakhala a mainchi 8, 10 kapena 12, ndipo ofala kwambiri ndi a 12, omwe ndi masentimita 30. Khutu la munthu limamva mpaka kunjenjemera kwa 20,000 pa sekondi, koma sipika ya gitala imalekezera cha pa 5,000. Zimenezi anachitira dala. Gitala yamagetsi ikakwezedwa mpaka kusasa mawu imatulutsa timawu tobaya m'khutu, ndiye sipika imatisefa. N'chifukwa chake m'bokosi la gitala mulibe kasipika kakang'ono kaja ka twita kamene kamapezeka m'masipika a disiko.

Zoona zake, kumudzi kuno sipika yeniyeni ya gitala siipezeka wamba. Zimene timapeza ndi za m'galimoto, za mawailesi akuluakulu kapena za disiko. Zimagwira ntchito ndithu, bola musazikweze mopyola. Pogula yakale, ikanikizeni pang'onopang'ono ndi zala motambasula kuzungulira pakati. Ikamakhula ngati muli mchenga, koyilo inapsa kapena inapindika, isiyeni. Onaninso ngati pepala silinang'ambike ndiponso ngati m'mphepete simunafumbwe. Chenjezo lina: gitala ya besi musaiimbire m'bokosi lotsekulali. Nsambo yake yonenepa imanjenjemera ka 41 kokha pa sekondi, pepala limayenda mtunda wautali mpaka kung'ambika.

Matabwa

Yabwino kwambiri ndi pulayiwudi yonenepa mamilimita 18, chifukwa inamatidwa mopingasana, sipindika kapena kung'aluka msanga. Yathunthu imakhala masentimita 244 mulitali ndi 122 mulifupi, koma bokosi lathuli theka lokha likwana. Funsani kwa akalipentala, nthawi zina amakhala ndi zotsala. Mukaisowa, matabwa a paini ngati a ku Chikangawa aja ndi abwino, opepuka, bola akhale ouma bwinobwino. Thabwa laliwisi likamauma limafupika, mipata n'kutseguka. Bulugamu amakonda kung'aluka ndi kupotoka. Mlombwa ndi wokongola koma ndi wolemera komanso wodula. Matabwa a utuchi wopanikiza aja akangonyowa amafufuma ngati chigumu, ndiye nyengo ya dzinja simuchedwa kulira nawo. Siling'ibodi nayo ndi yopyapyala kwambiri, imanjenjemera.

Zina zofunika: guluu woyera wa matabwa, masikuruu kapena misomali, timitengo ta masentimita 2 mbali zonse toika m'makona, sowo, hamala, tepi yoyezera, sikweya, sandipepa, waya wa sefa kapena nsalu yopyapyala yotchingira kutsogolo, chogwirira, ndi zidutswa zinayi za tayala lakutha zoti zikhale miyendo.

Miyeso ndi kakhomedwe

Nali bokosi la sipika imodzi ya mainchi 12. Kunja kwake: masentimita 50 mulifupi, 45 kutalika, 28 kupita kumbuyo. Ngati thabwa lanu ndi la mamilimita 18, dulani chonchi:

Pamwamba ndi pansi, matabwa awiri: 50 kwa 28.
M'mbali, matabwa awiri: 41.4 kwa 28.
Kutsogolo, thabwa limodzi: 46.4 kwa 41.4.
Kumbuyo, thabwa limodzi: 46.4 kwa 41.4.

Mwina mukudabwa kuti 41.4 yachokera kuti. Matabwa am'mbali amalowa pakati pa lapamwamba ndi lapansi, ndiye pa 45 tachotsapo 1.8 kawiri. Chimodzimodzi 46.4, ndi 50 kuchotsa 3.6. Ngati thabwa lanu n'lonenepa mosiyana, werenganinso nokha. M'kati mwa bokosili mumalowa mpweya wa malita 40 ndi kuposerapo pang'ono, ngati zigubu ziwiri za malita 20. Masamu a voliyumu aja timati ndi opanda ntchito, si awa apa?

Choyamba, yezani kawiri musanadule. Thabwa mukalifupikitsa silimeranso. Gwiritsani sikweya kuti makona akhale oongoka. Mukasowa sikweya, yezani kuchoka pa kona ina kufika pa kona yopingasana nayo, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyi ikafanana, ndiye kuti zili bwino.

Chachiwiri, bowo la sipika. Sipika ya mainchi 12 kawirikawiri imafuna bowo la masentimita pafupifupi 28, koma yezani yanuyo chifukwa zimasiyanako. Khomani msomali pakati pa thabwa lakutsogolo, mangani ulusi wotalika theka la muyesowo, kumapeto kwake pensulo, n'kuzunguliza ngati kampasi ya mu seti. Boolani kabowo m'kati mwa mzere, lowetsani kasowo kosongoka, muzidula pang'onopang'ono. Bowo lisakule mopyola, apo ayi masikuruu a sipika asowa pogwira. Lisachepenso, pepala lingamakhule thabwa. Ntchito iyi ikakukanikani, kalipentala aliyense angakuthandizeni.

Chachitatu, lumikizani matabwa anayi aja, lapamwamba, lapansi ndi awiri am'mbali. Pakani guluu paliponse pamene thabwa likukumana ndi linzake, kenako mangani. Chimene chimagwira zenizeni ndi guluu, masikuruu amangothandiza kupanikiza mpaka aume. Misomali yokha siikwanira, besi imaigwedeza tsiku ndi tsiku mpaka imazuka. Boolani timabowo musanalowetse masikuruu kuti thabwa lisang'aluke. M'makona onse am'kati matani timitengo tija.

Chachinayi, thabwa lakutsogolo mulilowetse m'kati masentimita 2 kuchoka m'mphepete, kuti sefa ipeze malo komanso sipika isagundidwe. Limateni ndi guluu pa timitengo. Lakumbuyo lokha musamate, mangani ndi masikuruu basi, kuti tsiku lina muzitha kutsekula. Ngati bokosi ndi lotseka, tsekani timipata tonse ndi guluu wosakaniza ndi utuchi, ndipo pansi pa thabwa lakumbuyo yalani mphira wa chubu cha njinga. Kampata kakang'ono kamaimba likhweru besi ikamenya. Siyani guluu aume usiku wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu, palani ndi sandipepa, pakani penti kapena vanishi kunja ndi m'kati momwe, kuopa chinyezi ndi chiswe. Khomani miyendo ya tayala ija ndi chogwirira. Sipika muike pomalizira, utuchi mutausesa. Pomanga masikuruu ake muzidumphadumpha mopingasa ngati mmene amamangira tayala la galimoto, ndipo musalimbitse mopyola, chitsulo chake chingapindike. Dzanja lina lizitchinga pepala, chifukwa maginito amakoka sikurudiraiva, ikangoterereka yaboola.

Mawaya: apa ndi pamene ndalama zimapsera

Kumbuyo kwa sipika kumalembedwa manambala awiri. Yoyamba ndi ma ohm, kawirikawiri 4, 8 kapena 16. Imasonyeza mmene sipika imakanizira magetsi kudutsa. Ma ohm akachepa, magetsi ambiri amadutsa, ampu imagwira ntchito yaikulu n'kutentha. Kumbuyo kwa ampu nakonso amalemba ma ohm ochepetsetsa amene ingapirire. Ampu ikalembedwa 8, musaipatse 4. Kumbukirani kuti masipika ambiri a m'galimoto ndi a ma ohm 4.

Mukafuna masipika awiri m'bokosi lalikulupo, njira zilipo ziwiri, zomwe zija za ma circuit mu Physics. Mukawalumikiza motsatizana, kuchoka ku + ya ampu kupita ku + ya sipika yoyamba, ku – yake kupita ku + ya yachiwiri, kenako – ya yachiwiri kubwerera ku ampu, ma ohm amaphatikizana: 8 ndi 8 ndi 16. Mukawalumikiza moyandikana, ma + onse pamodzi, ma – onse pamodzi, amagawika: 8 ndi 8 amapereka 4. Ndiye onani ngoziyi: masipika awiri a m'galimoto moyandikana amapereka ma ohm 2 okha, ndipo maampu ambiri sangapirire. Kungowonjezera masipika pa waya umodzi poganiza kuti phokoso lichuluka, ndiye njira yachidule yootchera ampu.

Nambala yachiwiri ndi ma watt. Ya sipika ikhale yofanana kapena yoposa ya ampu. Ampu ya ma watt 30 ipatseni sipika ya 30 kupita m'mwamba, 50 ndiye bwino kwambiri. Musakomedwe ndi manambala akuluakulu olembedwa PMPO pa zomata zonyezimira, amenewo ndi okopera ogula. Yang'anani yolembedwa RMS. Mukaphatikiza masipika awiri a ma ohm ofanana, wina wa ma watt 20 wina wa 60, musati muli ndi 80. Amagawana mphamvu mofanana, ndiye malire anu ndi 40, kupyola apo wamng'onoyo apsa.

Waya wochoka ku ampu kupita ku bokosi akhale wonenepa, wa mitsempha iwiri. Chingwe cha gitala chija, ngakhale mutu wake ndi wofanana, wa mamilimita 6.35, mtsempha wake wam'kati ndi wopyapyala, chinapangidwira kamphamvu kochepa. Pa sipika chikhoza kutentha. Polumikizira pabokosi gulani soketi ya jeki kwa okonza mawailesi, ndipo muwapemphe akuwotchereni mawayawo, kungopota ndi zala sikukhalitsa. Chonde, musaike pulagi ya pakhoma ngati polumikizira sipika. Tsiku lina mwana adzaibaya pa soketi ya magetsi a ma volt 230, ndipo chopsa sichidzakhala sipika yokha.

Kuyesa

Musanalumikize ku ampu, tengani batire ya tochi ya ma volt 1.5, mukhudzitse mawaya a sipika kamphindi. Imveka kuti thu. Waya wa + akakhudza kumutu kwa batire, pepala lizituluka kutsogolo. Ngati masipika ndi awiri, onse azituluka limodzi. Wina akamatuluka mnzake akulowa, akuthetsana mphamvu, besi isowanso ngati mulibe bokosi. Sinthanitsani mawaya a mmodziyo. Okonza mawailesi akhozanso kukuyezerani ndi mita yawo. Sipika ya ma ohm 8 imaonetsa cha pa 6 kapena 7, zimenezo n'zabwinobwino.

Lumikizani zonse ampu ili yozimitsa, voliyumu ili pansi. Yatsani, kwezani pang'onopang'ono, imbani nsambo yonenepa ija uku dzanja likuyenda pabokosi. Pamene pakunjenjemera kwambiri kapena kulira gwede gwede, limbitsani kapena matani kamtengo kena m'kati. Mukamva fungo lakupsa, zimitsani msanga. Mukapeza ampu yakale ija ya timababu towala m'kati, musaiyatse bokosi lisanalumikizidwe, imawonongeka ikamagwira ntchito popanda sipika.

Dzisamaleni

Bokosi ndi ntchito yathu, koma m'kati mwa ampu si mwathu. Muli tizipangizo tosunga magetsi ngakhale mutazimitsa, tikhoza kukugwirani koopsa. Ikavuta pitani nayo kwa odziwa, paja safunsa anadya phula. Amene mumagwiritsa batire ya galimoto kapena ya sola, samalani kuti + ndi – zisakhudzane, waya amafiira pompo. Sowo ndi tchizulo muzigwiritsa pali wamkulu pafupi. Makutunso ndi anu: phokoso la ma decibel 85 ukamakhala nalo maola 8 tsiku ndi tsiku limawononga makutu, ndipo sipika ya gitala ukaima nayo pafupi imapyola pamenepo mosavuta. Mukamva kulira kwa nzii m'khutu mutatha kuimba, dziwani kuti munakweza mopyola. Posunga, bokosi likhale pamwamba osati padothi, ndipo ngati ndi lotsekula liphimbeni, makoswe amakonda pepala la sipika ngati chiponde.

Mwaonatu anzanga, palibe matsenga apa. Ndi thabwa lolimba, makona otseka bwino, ndi manambala awiri oti muwawerenge musanayatse. Atsikana, musati ndi za anyamata izi, tepi ndi sowo sizisankha dzanja. Ndipo sikuti munthu mmodzi apeze zonse: wina abwere ndi sipika, wina zotsala za pulayiwudi, wina guluu, wina amene masamu amamuyanja agwire tepi. Koperani miyeso ili pamwambayo m'kope mwanu belu lisanalire, pepalali mulisiye pabolodi pomwepa kuti ena awerengenso.